Nsomba Zofiira za Jailosi

Anzanga amene tinapita nawo ku Joni anabwerako ndi njinga, mawayilesi, ena makina osokera. Ine ndinabwerako ndi nsomba zamoyo m'chigubu. Musaseke ayi. Nsomba zimenezo zinatsala pang'ono kundikweza galimoto ija ya masiku a chipani chimodzi, imene munthu akakwera, abale ake ankangopinda mphasa yake osafunsa kuti wapita kuti.

Kwathu kwenikweni ndi ku Chileka, kumene tinakula tikuthamangitsa mithunzi ya ndege m'minda ya chimanga. Koma ndinakwatira ku Lirangwe, chikamwini, ndipo mkamwini wopanda kanthu m'manja amatopa ndi maso a anthu. Nyumba yodontha, mkazi wanga Nachisale ali woyembekezera, ine thalauza labwino limodzi lokha, limenenso alamu anga a Wilisoni, achimwene ake a Nachisale, ankandibwereka Lamulungu lililonse. Iwo nthawi imeneyo ankangomata machubu a njinga pansi pa mtengo kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndinatopa, ndinakalembetsa za kumgodi.

Tsiku lonyamuka ndinalowa m'mimba mwa ndege yomwe ija ndinkaithamangitsa ndili mwana. Pambali panga panakhala munthu wamtali, woonda, wa kwa Kuntaja. Ndege itangodzuka anasanzira m'chipewa chake, nkundiyang'ana, nkuseka.

"Achimwene, ngati kumwamba kuli chonchi, ine kutchalitchi ndasiya," anatero.

Ameneyo ndiye anali Jailosi.

Za pansi pa mgodi sindikonda kunena. Unkalowa m'kheji, chikepe cha mumgodi, nkutsika mpaka makutu kutseka, kenako fosholo m'manja, kupakira miyala uli chogwada, thukuta likulowa m'maso, denga likulira pamwamba pako. Ukatuluka, phokoso la makina obowola linkatsalira m'mutu. Ku komponi, kumene tinkakhala ife apamgodi, tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana, chipinda chonse fungo la majombo. Ena phokoso la m'mutulo ankalizimitsa ndi mowa, ena ndi ndewu. Ine ndinkangokhala duu. Ndalama ndinkatumiza kumudzi, ndipo ndinamva kuti malata akwera panyumba, kenako kuti kwabadwa mwana wamkazi, amutcha Esinati.

Jailosi Lamulungu sankamwa. Ankapita kukagwira ganyu m'munda wa maluwa kwa mayi wina wokalamba wachizungu, amene pakhomo pake panali dziwe la simenti la nsomba zofiira. Tsiku lina akutsuka dziwelo, mayi aja anamuuza kuti tiana tansomba tachuluka, atitaye. Iye anatitayira m'chitini cha jamu, nkubwera nato kuchipinda.

M'chipinda mwathu munali Matiki, Mlomwe wa ku Thyolo, wamfupi, wapakamwa posatha mawu, amene chipewa chake chakuda sankavula ngakhale posamba. Anasuzumira m'chitinimo.

"Ndiwo zimenezi?"

"Ungadyepo chiyani apa iwe? Izi n'zoonera."

"Zoonera! Abale inu, tinasiya akazi kumudzi kudzaonera matemba kuno?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Koma anthu omwewo, pasanapite nthawi, ndinkawapeza atakhala pansi atapinda miyendo, maso ali pa galasi, osalankhula. Jailosi anali atatola magalasi a zenera losweka, nkuwamata, nkupanga kabokosi koonekera mkati. Anaikamo timiyala ta kumtsinje ndi udzu wa m'madzi. Ukakhala pamenepo ukuona tinsomba tija tikuzungulira pang'onopang'ono, tizipsepse tikupepuka, makina aja m'mutu ankayamba kutsika mawu. Ine ndinayamba kugona tulo chifukwa cha nsomba zimenezo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Anali ndi malamulo ake. Madzi apampopi azigona kaye mundowa, apo ayi amapha. Chakudya chochepa, tinyenyeswa ta buledi kapena nyongolotsi yoduladula. Zikayamba kuyasamula pamwamba, ndiye kuti mpweya watha, tenga mpope wa njinga upopere m'madzimo. Ndipo asanazipatse chakudya ankagogoda pagalasi ndi supuni, go go go, zonse nkubwera. Koma wina akalowa akuponda mwamphamvu, kapena mlendo akaima pamwamba pake, zinkathawira kuseri kwa miyala.

"Zimadziwa mapazi a mlendo izi," ankatero. "Khala pansi, ukhale chete, zibwera zokha."

Apolisi a pakomponi akamabwera kudzasecha mipeni ndi chamba, tinkafunditsa kabokosi kaja bulangeti, mmodzi nkugona pambali pake akubuula ngati wamalungo. Matiki yemwe uja ndiye ankadziwa kubuula.

Matiki sanatuluke tsiku lina. Mwala unagwa pamene ankagwira ntchito, ndipo anamuika komweko, pamanda pongozika kathabwa. Titabwerako kumanda tinakhala pagalasi paja monga mwa masiku onse. Panali kansomba kamodzi ka banga lakuda pamutu. Jailosi anakaloza ndi supuni.

"Suyu Matiki uyu, ndi chipewa chake."

Palibe anaseka. Kuyambira tsiku limenelo kanali Matiki, ndipo tinkakapatsa moni. Atapita Sikelo wa ku Mwanza, nayenso tinamupatsa yake, yoyera m'mimba. Unakhala mwambo wa m'chipinda mwathu, kuti munthu asathere pa kathabwa.

Jailosi anamutulutsa pamachira ine ndikuona, kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi mutaphwanyika. Kuchipatala cha pamgodi anandigwira dzanja.

"Nsomba zija usadzazisiye kuno. Ukazikumbire dziwe kwathu. Zikaone dzuwa la kwathu."

Panali ina yaikulu kuposa zonse, ya mchira wautali wogawanika pawiri, yosambira mwaulesi ngati mwini dziko. Jailosi atamwalira, imeneyo ndinaitcha ine dzina lake.

Nthawi yanga itakwana, ndinadula chigubu kukamwa, ndinaikamo nsomba ndi udzu wake, nkuvundikira ndi kansalu. Ulendo wa sitima, kenako ndege, chigubu chili pamiyendo, mpope wa njinga uli m'thumba la jekete. Zina zinafera panjira. Zamayina zija zinapirira.

Pa Chileka tinatsika tikuimba, koma nyimbo inathera pakhomo. Dziko linali litasintha nkhope. Anatiika pamzere, masutikesi otsegula, akuyang'ana mabuku ndi magazini, wa tsitsi lalitali akumumeta pomwepo. Mafunso anali amodzimodzi kwa aliyense: kunjako unkacheza ndi ndani, unakumana ndi Amalawi ati amene si apamgodi? Wondisecha ine anakweza kansalu kaja, nkusuzumira.

"Ichi n'chiyani? Ndiwo?"

"Eya, bwana. Ndiwo za ana."

Anagwedeza mutu, nkundikankhira kutsogolo. Ndinanyamula chigubu changa, nkutuluka panja.

Ndinayamba ndapita kwa Kuntaja kukasiya bokosi la Jailosi. Maliro anayambiranso. Mkazi wake ndinamuonetsa chigubu, ndinamufotokozera zonse. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera m'madzimo.

"Alamu, ine ndiziika pati? Tengani. Inu ndinu munamva mawu awo."

Ku Lirangwe ndinapeza malata ali ngwee, Esinati akubisala kuseri kwa amayi ake pondiona ine, ndipo Nachisale, amene ndinamusiya akuseka mpaka kutsidya kumva, tsopano akulankhula chonong'ona ngakhale m'nyumba mwake. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi alamu anga. A Wilisoni omata machubu aja anali tcheyamani wa chipani dera lonselo. Baji pachifuwa, anyamata awiri kumbuyo, pamsika akafika nkhani zinkaduka. Anandipatsa moni wa dzanja louma, nkufunsa kadi yanga ya chipani asanafunse za ulendo.

Ndinawapemphabe malo kudimba la banja, m'mphepete mwa mtsinje, pakati pa bango.

"Dziwe la nsomba zosadya? Alamu, ku Joni anakuchitani chiyani? Kakumbeni, bola musandichititse manyazi."

Ndinakumba ndekha. Pansi ndinamata dongo, ndikuliponda ndi mapazi mpaka linasiya kumwa madzi. Ndinatema kangalande kochokera kumtsinje, ndinaika miyala yobisalamo, ndinabzala kakombo, ndipo m'mbali ndinatchinga ndi minga chifukwa cha ng'azi ndi akakowa. Tsiku limene ndinapendeketsa chigubu, nsomba zija nkutuluka, dzuwa nkuzimenya pamsana, ndinalira ngati mwana. Zinakonda madeya ndi chiswe. Mvula yachiwiri isanathe zinaswana, dziwe lonse tiana.

M'mawa uliwonse ndinkatsikira kudimba ndi chitini cha madeya. Ndinkakhala pamwala wanga, nkugogoda chitini, nkuitana.

"Jailosi, Matiki, Sikelo, tulukani, kulibe munthu."

Zikabwera ndinkaziuza nkhani. Za mvula, za mtengo wa mchere, za amene wamwalira pamudzi. Nthawi zina ndinkasakaniza ndi chilankhulo cha pamgodi, poti ndicho tinkatukwanirana nacho tikusangalala. Sindinkadziwa kuti kuseri kwa bango kumadutsa kanjira ka amayi opita kukachapa. Iwo nsomba sankaziona. Ankangomva munthu wobwera kuchokera kunja akuitana amuna atatu osadziwika pamudzi, akuwauza kuti atuluke kulibe munthu, kenako nkumawafotokozera za dziko m'chilankhulo chachilendo.

Masiku amenewo nkhani yotero sinkafunika miyendo.

Tsiku lina dzuwa likupendeka, Nachisale anabwera kuchokera kwa achimwene ake, nkutseka chitseko.

"Bambo a Esinati, mwatipha."

"N'chiyani?"

"Akuti mukudyetsa zigawenga m'bango. Nkhani yafika ku Blantyre. Achimwene akuti siinadzere kwa iwo, inawadumpha, ndipo nawonso afunsidwa chifukwa chake anakhala chete. Mawa kubwera galimoto."

Ndinali nditamva kale za mphunzitsi wina amene anatengedwa ali ndi choko m'manja, mkazi wake nkuthamangitsidwa panyumba ya sukulu.

"Tiyeni tikagumule dziwelo pompano," anatero Nachisale. "Zipite ndi mtsinje, akapeze matope okhaokha."

"Akapeza matope, Jailosi ndikamuonetsa kuti? Mboni zanga ndi zomwezo, mayi. Zikapita, inenso ndapita."

Anakhala pansi, nkugwira mutu.

Galimoto inafika m'mawa, yotuwa, inaima pamsewu. Munatuluka amuna awiri ovala majekete. Wamkuluyo anali wonenepa pang'ono, wolankhula mofatsa ngati m'busa, ndipo kufatsa kumeneko ndiko kunandiopsa. A Wilisoni anabwera ndi gulu la anyamata achipani, zibonga m'manja. Anandiika pakati, ulendo wa kudimba, mudzi wonse ukutsatira chapatali.

Anyamata aja analowa m'bango akumenya uku ndi uku, akukuwa kuti aliyense ali mmenemo atuluke. Munangotuluka mbalame. Anazungulira dziwe langa akupondaponda, minga yanga anaigwetsa, dothi likugumukira m'madzi mpaka madzi onse anada bii.

Mkulu uja anatembenukira kwa ine.

"Bambo, Jailosi ali kuti?"

"Ali m'madzimo, bwana."

Mnyamata wina anaseka. Mkulu uja sanaseke.

"M'madzi. Chabwino. Muitaneni."

Ndinatenga chitini, ndinagogoda. Ndinamwaza madeya. Madeya anangoyandama. Ndinagogodanso. Zii. Anthu onse aja ataima m'mbali mwa dziwe, mithunzi yawo ili pamadzi, nsomba iti ikanatuluka? Ndinagogoda mpaka chitini chinapindika.

"Tataya nthawi," anatero mkulu uja kwa mnzake. "Akafotokoza bwino kutsogoloku."

Mnzakeyo anandigwira pamkono. Kumtunda ndinamva Nachisale akuyamba kulira.

"Bwana, pepani," ndinatero nditagwada. "Zimaopa mapazi a alendo. Anthu akhale pansi, akhale chete pang'ono pokha. Zikapanda kubwera, nditengeni."

Anandiyang'ana osaphethira. Palibe anasuntha. Kenako a Wilisoni anakuwa ndi mawu awo a pamsonkhano.

"Anyamata, pansi nonse! Wotsokomola ndithana naye!"

Anakhala. Mkulu uja anayang'ana wotchi yake, nkunjuta pang'onopang'ono, akukweza thalauza kuti lisade. Ine ndinakwera pamwala wanga. Tinadikira. Ntchentche inanditera pamphuno, sindinaiingitse. Matope anayamba kudikha, koma pansi sipankaoneka kanthu. Ndinadziwa kuti kugogoda kokha sikukwanira, zinazolowera mawu anga. Ndinadziwanso kuti mawu amenewo ndi omwewo anakanenedwa ku Blantyre.

"Jailosi, Matiki, Sikelo, tulukani, kulibe munthu."

Mutu wa mkulu uja unadzuka. Mnzake anapisa dzanja m'jekete.

Pansi pa tsamba la kakombo panagwedezeka. Kenako kufiira kunayamba kukwera kuchokera m'matope, pang'onopang'ono, mchira wautali uja ukukupiza mwaulesi. Anafika pamwamba, nkutsegula pakamwa, nkumeza deya. Pambuyo pake Matiki ndi chipewa chake, Sikelo, kenako tiana tonse, madzi nkuwira.

"Uyo Jailosi, bwana," ndinatero. "Wa banga uyo ndi Matiki."

Anyamata anaiwala kuti ndi achipani, makosi anatalika. Ine ndinaganiza kuti zatha. Koma mkulu uja anaimirira, nkudzisansa.

"Nsomba ndaziona. Koma nsomba sikhala ndi dzina la munthu, bambo. Anthu a mayina amenewa ali kuti?"

"Anafera kumgodi, bwana."

"Inu mukutero. Ine ndaona anthu ambiri akufa amene akulemba makalata kuchokera kunja. Munthu amene amatchula mayina m'mawa uliwonse ndiye kuti sakufuna kuwaiwala. N'chifukwa chiyani?"

Dzanja lija linabweranso pamkono panga.

Pamenepo a Wilisoni anaseka. Kuseka kwakukulu, kogwira m'mimba, kumene sindinakumvepo chibwerere.

"Bwana, musavutike nawo alamu angawa. Mwala unawagunda m'mutu kumgodi, mudzi wonse ukudziwa. Nkhuku zawo nazonso amazipatsa moni! Izi ndi ndiwo basi, amawetera alendo olemekezeka ngati inu. Nachisale! Alendo achoka kutali, lero nkhuku sitigwira. Bwerani ndi madengu, amayi!"

Mkulu uja sanayang'ane a Wilisoni. Anayang'ana ine.

"Ndi ndiwo, bambo?"

Jailosi anali akuzungulirabe pafupi ndi mwala wanga, akudikira madeya ena. Kumtunda Esinati anali atagwira chitenje cha amayi ake.

"Ndi ndiwo, bwana."

Anyamata aja anagumula khoma la kumunsi, madzi nkuyamba kutsika. Amayi analowa ndi madengu ndi zitenje, Nachisale patsogolo, mtsuko wake wotungira madzi uli pambali. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Nsomba zozolowera munthu sizivuta kugwira. Zina zinkabwera zokha kumanja.

Tinadyera pakhonde panga, pansi pa malata aja. Kufiira konse kunathera m'mafuta. Mkulu uja anasankhasankha m'mbale ndi chala, nkutola yaikulu, mchira wake wogawanika utauma gwa.

"Uyu ndiye ndani?"

"Jailosi, bwana."

Anaiika m'mbale mwanga.

"Idyani."

Ndinadya. Inkanunkha matope, minga yokhayokha, ndipo ndinatafuna ndi mutu womwe, iye akundiyang'ana mpaka nditameza. Mtima wanga unkawawa kuposa tsiku limene tinamuika munthu mwiniwakeyo. Mkulu uja analawa pang'ono yake, nkulavula, nkusamba m'manja.

"Zoipa kukoma," anatero. "Muziweta nkhuku, bambo."

Galimoto inapita popanda ine. A Wilisoni anaiperekeza akugwedeza dzanja mpaka fumbi litatha, ndipo atatembenuka ndinaona malaya awo atanyowa msana wonse. Ndinadana nawo nthawi yaitali, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti popanda kuseka kwawo kuja, Esinati akanakula wopanda bambo.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga ya kudimba, miyendo nkusowa kolowera. Kukhosi kunali kouma. Ndinapita pakona pamene pankakhala mtsuko, ndinachotsa mbale yovundikira, nkulowetsa chikho. M'mdima wa mumtsukomo munatembenuka kanthu kofiira, kakang'ono ngati chala cha mwana.

Nachisale anali kumbuyo kwanga, tsache lili m'manja.

"Kanalowa kokha potunga madzi," anatero chonong'ona.

"Kokha?"

"Kokha. Koma bambo a Esinati, ndagwira mwendo wanu. Aka musakapatse dzina."

Sindinakapatse. Kanakulira mumtsuko momwemo, kuseri kwa chitseko. M'mawa ndinkagogoda ndi chikhadabo, pakamwa nditatseka, iko nkubwera pamwamba. Katakula pang'ono, mchira wake unagawanika pawiri.